Eugène Poubelle: Bwanamkubwa yemwe dzina lake lidathera pa bini

Anthu otchuka akamwalira, maina awo amakathera pa misewu, pa sukulu, pa zipatala kapena pa ndalama. Kuno kwathu nkhope ya Chilembwe ili pa ndalama, dzina la Kamuzu lili pa bwalo la ndege komanso pa chipatala chachikulu cha ku Lilongwe. Koma mkulu wina wa ku France, yemwe adakhalapo mphunzitsi wa zamalamulo, msilikali, bwanamkubwa komanso kazembe, dzina lake lidakathera pa chotayamo zinyalala.

Mkuluyu ndi Eugène Poubelle. Lero lino aliyense woyankhula Chifalansa, kaya ndi ku Paris, ku Kinshasa, ku Bujumbura, ngakhale pa Dzaleka pompa m'boma la Dowa pomwe pamakhala anthu othawa nkhondo ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda, akafuna kutchula bini amati poubelle. Ambiri sadziwa n'komwe kuti akutchula dzina la munthu. Ndipo omwe adayamba kutchula bini motero sankamulemekeza ayi, ankamunyoza.

Munthu wa kwa Kasakula, m'mapiri a Ntchisi, akhoza kudabwa kuti bini lingatchukitse bwanji munthu. Kumudzi nkhani ya zinyalala makolo adaimaliza kalekale. Kuseri kwa nyumba kuli dzala. Makoko a mbatata ndi a nthochi ndi chakudya cha mbuzi ndi nkhumba, madeya ndi a nkhuku, phulusa amachezera chidulo kapena kuthira m'chimbudzi, mapesi ndi masangwi a mtedza amabwerera kumunda. Chitini chimasanduka koloboyi, majumbo akutha anyamata amamangira mpira wachikulunga.

Vuto limayamba anthu akaunjikana mumzinda, pomwe mabanja khumi akukhala pa poloti imodzi, palibe pokumba dzala, palibe mbuzi, palibe munda. Ili ndilo vuto lomwe Poubelle adalipeza ku Paris zaka zoposa 140 zapitazo.

Iye adabadwa pa 15 Epulo 1831 mumzinda wa Caen, m'chigawo cha Normandy kumpoto kwa France, m'banja lopezako bwino. Sukulu adaikonda. Adaphunzira zamalamulo mpaka kutenga digiri ya udokotala, kenaka n'kuyamba kuphunzitsa m'sukulu zaukachenjede za ku Caen, Grenoble ndi Toulouse. Pakadapanda nkhondo, mwina akadafera m'kalasi, choko chili m'manja, dziko osamudziwa.

Mu 1870 dziko la France lidayambana ndi la Prussia, lomwe pambuyo pake lidakhala mbali ya Germany. Asilikali a Prussia adazinga mzinda wa Paris kuyambira mu Sepitembala 1870 mpaka mu Januwale 1871. Chakudya chidatha. Anthu adadya akavalo, agalu, amphaka, njovu za kumalo osungirako nyama, mpaka makoswe enieni a m'ngalande, osati mbewa zathu za m'munda zija. Poubelle, ali ndi zaka 39, adasiya mabuku n'kulowa m'gulu la asilikali owomba mizinga, ndipo adalandira mendulo kaamba ka kulimba mtima kwake.

Nkhondo itatha, mtsogoleri watsopano wa dzikolo Adolphe Thiers ankasowa anthu odalirika oyendetsa maboma. Mu Epulo 1871 adasankha Poubelle kukhala bwanamkubwa wa dera la Charente. Kuchoka apo adamuyendetsa m'madera a Isère, Corsica, Doubs ndi Bouches-du-Rhône komwe kuli doko la Marseille. Mu Okutobala 1883 adamupatsa dera la Seine, momwe muli likulu la dzikolo.

Udindowu sudali wamasewera. Chifukwa cha kuukira kwa anthu a mumzindawo mu 1871, boma silinkawakhulupirira anthu a ku Paris, moti lidawamana mfumu ya mzinda. Paris adadzakhalanso ndi meya mu 1977, pomwe adasankha Jacques Chirac. Choncho misewu, madzi, misika, zipatala ndi ukhondo wa anthu oposa 2 miliyoni zidali m'manja mwa bwanamkubwa.

Paris wa nthawi imeneyo adali wokongola kumaso koma wonunkha kumphuno. M'chilimwe cha 1880 fungo lidakuta mzindawo kwa masabata angapo mpaka boma lidakhazikitsa komiti yofufuza komwe linkachokera. Anthu ankakhala m'nyumba zosanja zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, ndipo kukada ankatsika ndi zinyalala zawo n'kukakhuthula pamsewu. M'mawa ngolo zokokedwa ndi akavalo zinkadutsa kudzawola. Malamulo oletsa mchitidwewu adalipo, ena adaikidwa ndi mafumu akalekale, koma ankangothera papepala.

Pakati pa kutaya kwa usiku ndi kuwola kwa m'mawa padali anthu ena omwe mbiri ya Poubelle singakambidwe popanda iwo. Awa ndi otolatola, omwe pa Chifalansa ankatchedwa chiffonniers, kutanthauza otola nsanza. Adalipo zikwizikwi, amuna, amayi ndi ana. Aliyense ankayenda ndi dengu lalikulu kumsana, ndodo ya ngowe kunsonga m'dzanja limodzi, nyali m'dzanja linalo. Ankafukula mulu uliwonse, n'kumaponya m'dengu chilichonse chomwe chikadagulika.

Ndipo zogulika zidali zambiri. Nsanza zinkapita ku mafakitale opanga mapepala, poti masiku amenewo pepala labwino linkapangidwa kuchokera ku nsalu zakutha. Mafupa ankapangira mabatani, zigwiriro za mipeni ndi guluu; ena ankawawotcha kukhala makala oyeretsera shuga, ena n'kutengamo mankhwala opangira machesi. Magalasi osweka ankawasungunula n'kuumbanso mabotolo. Zitini ankapangira zidole za ana. Zikopa za akalulu zinkathera ku opanga zipewa. Ngakhale zidutswa za buledi ndi tsitsi la amayi zidali ndi ogula ake.

Zotsalira, zomwe zidali makamaka masamba owola, phulusa ndi ndowe za akavalo, alimi a m'mphepete mwa mzindawo ankazitenga kukathira m'madimba momwe munkachokera kabichi ndi karoti wodyetsa mzinda womwewo. Kunena mwachilungamo, Paris wauve uja ankabwezeretsa zinthu zakutha kuposa mizinda yambiri yowala ya masiku ano. Kungoti ntchitoyo inkagwiridwa usiku, ndi anthu osauka omwe ankagona m'zisakasa kunja kwa mzinda, pakati pa milu ya mafupa ndi nsanza zonunkha.

Anthuwa sadali oputa dala. Mu 1832, Poubelle akadali kumsana, kolera idalowa mu Paris n'kupha anthu oposa 18,000, kuphatikizapo nduna yaikulu Casimir Perier. Akuluakulu a mzinda atayesa kubweretsa ngolo zowola zinyalala mofulumira, otolatola adaona kuti akulandidwa nsima pakamwa. Adachita zipolowe, kutentha ngolo zina, zina n'kuziponya mumtsinje wa Seine. Akuluakuluwo adabwerera m'mbuyo.

Poubelle ankaidziwa mbiri imeneyi, koma nthawi idali itasintha. Louis Pasteur adali ataonetsa kuti matenda ambiri amabwera ndi tizilombo tosaoneka ndi maso, ndipo miyezi yomweyo Robert Koch wa ku Germany ankasakasaka kachilombo ka kolera ku Egypt ndi ku India. Madokotala ankafuula kuti uve ukupha anthu.

Pa 24 Novembala 1883, atangotha mwezi umodzi pampando, bwanamkubwayu adasaina lamulo lomwe lidamutchukitsa. Lamulolo lidati mwini nyumba aliyense agulire anthu ake a lendi zotayamo zinyalala zokhala ndi chivundikiro, zosapitirira malita 120 kuti anthu awiri azitha kunyamula. Kukhuthula zinyalala pamsewu kudaletsedwa. Mabiniwo ankayenera kutulutsidwa ngolo ikatsala pang'ono kufika, n'kulowetsedwanso ikangodutsa.

Chomwe chimadabwitsa anthu lero n'chakuti lamulolo silidalekere pomwepo. Lidalamulanso kuti zinyalala zizisankhidwa patatu: zowola pazokha, mapepala ndi nsanza pazokha, magalasi, mapale a mbale zadothi ndi zigoba za nkhono za m'nyanja pazokhanso. Nkhonozi anthu a ku Paris ankazidya kwambiri moti zigoba zake zinkadzaza misewu. Nzeru yomwe mabungwe a zachilengedwe akuphunzitsa lero m'misonkhano ya m'mahotela, mphunzitsi wa zamalamuloyu adailemba kale mu 1883.

Lamulolo lidayamba kugwira ntchito pa 15 Januwale 1884, ndipo mpungwepungwe udabuka tsiku lomwelo.

Eni nyumba adakwiya chifukwa cha mtengo wa mabini. Osamalira nyumba zosanja, omwe ambiri adali amayi, adadandaula kuti awawonjezera ntchito yolawirira kunyamula zolemera popanda kuwawonjezera malipiro. Koma kulira kwenikweni kudachokera kwa otolatola. Mulu wa pamsewu ukalowa m'bini lotseka, lomwe likungotuluka mphindi zochepa ngolo isadafike, munthu wa dengu uja atola chiyani? Ana ake adya chiyani?

Nyuzipepala zidaitola nkhaniyi ngati moto wolusa. Pa 16 Januwale 1884, nyuzipepala ya Le Figaro idalemba nkhani yodzudzula lamulolo, momwe idatchula chotayamo zinyalalacho kuti bokosi la Poubelle. Cholinga chidali kumuchititsa manyazi. Dzinalo lidakakamira ngati chisoso pa malaya. Pofika 1890 lidali litalowa kale mu dikishonale yaikulu ya Larousse, mwini wake akadali pampando. Ojambula zithunzi zoseketsa adadya naye bwino, ndipo nkhani ya otolatola idakafika mpaka ku Nyumba ya Malamulo.

Apa m'pomwe khalidwe la mkuluyu lidaonekera. Sadachotse lamulo lake, koma sadaumenso mutu. Pa 7 Malichi 1884 adasaina lamulo lina lofewetsako loyamba lija. Otolatola adaloledwa kukhuthulira bini pa chinsalu, kusankha zomwe akufuna, n'kubwezeramo zotsala ngolo isadafike. Posakhalitsa padabadwa mgwirizano womwe sudalembedwe paliponse: wosamalira nyumba ankapatsa wotolatola mmodzi ntchito yotulutsa ndi kutsuka mabini, malipiro ake n'kukhala ufulu woyamba kusankhamo. Amene adapeza nyumba za anthu olemera zinthu zidawayendera, ndipo malo oterowo ankachita kugulitsana. Amene adalibe nyumba yawoyawo adasauka kuposa kale.

Kodi Poubelle adawalakwira anthuwa? Mbali ina inde. Lamulo loyamba lija adalilemba ngati munthu wa mu ofesi, yemwe ankaona mulu wa zinyalala koma osaona banja lomwe linkadya kuchokera pa muluwo. Komabe chomwe chidadzapha ntchito ya otolatola si bini. Mafakitale adayamba kupanga mapepala kuchokera ku mitengo, nsanza n'kutsika mtengo. Feteleza wa m'matumba adalanda malo a manyowa a mumzinda. Kenaka kudabwera pulasitiki, mabatani a mafupa n'kutha ntchito. Zinthu zomwe kale zidali chuma zidasanduka katundu wosowa kotaya, ndipo mzinda udayamba kumanga ng'anjo zozitenthera.

Nako kusankha zinyalala patatu sikudapite patali. Eni nyumba ambiri ankati bini likabooka osagulanso lina, a lendi n'kubwerera ku zidebe zakutha ndi mabokosi a matabwa. Bini lidadzakhazikika m'nyumba iliyonse ya ku France nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, ndipo kusankha zinyalala kudadzabwereranso patapita zaka pafupifupi 100 chilembereni lamulo lija. Lamulo loti makhonsolo onse a m'dzikolo apatse anthu njira yopatulira zinyalala zowola lidayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2024.

Woyenda mu Lilongwe kapena Blantyre sangavutike kuzindikira Paris wa Poubelle. Kalembera wa 2018 adapeza kuti mumzinda wa Lilongwe muli anthu pafupifupi miliyoni imodzi, ndipo ambiri a iwo amakhala m'madera ngati Mtandire, Chinsapo, Mgona ndi Kauma komwe galimoto yowola zinyalala ndi mlendo. Zinyalala zomwe zawoledwa zimakatayidwa ku Area 38, za ku Blantyre ku Mzedi, ndipo konseko galimoto ikamafika imapeza anthu akuidikira ndi matumba, kufuna mabotolo, zigubu, zitsulo ndi mawaya. Ndi omwe aja a dengu ndi nyali, kungosintha dziko ndi chaka. Mbaula zomwe amayi amaphikira m'tauni, zidebe za okhoma malata ndi nsapato za matayala zimachokera m'manja ngati amenewa.

Kusiyana kwake n'kwakuti zinyalala za m'mizinda yathu zambiri ndi zowola: masamba a kabichi, tomato wophwanyika, makoko a kachewere, zomwe zina mwa izo zidalimidwa m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi momwemo. Chonde chimachoka kwa Kasakula pa lole, n'kukawolera m'ngalande za pamsika wa mu Lilongwe, mlimi kumudzi akulira mtengo wa feteleza n'kumasakaniza madeya, phulusa ndi ndowe kuti apange manyowa a Mbeya. Alimi a m'mphepete mwa Paris sakadalola zimenezo.

Ndipo nako kulimbana kwa lamulo ndi anthu a ndalama si kwachilendo kuno. Boma lidaletsa mapulasitiki opyapyala mu 2015, makampani adathamangira kukhoti, bwalo lalikulu la apilo lidagamula mokomera chiletsocho mu 2019, koma majumbo adapitirirabe kuuluka m'misika kwa zaka zingapo milandu ikungosinthana.

Kubwerera kwa Poubelle, nkhondo yake yachiwiri idali ya zimbudzi. Nyumba zambiri za mu Paris zidali ndi maenje pansi pake momwe munkagwera zonyansa, ndipo akadzadza ankabwera anthu usiku kudzapopa. Ngalande zikuluzikulu za pansi pa nthaka zidalipo kale, zomangidwa ndi injiniya Eugène Belgrand m'nthawi ya bwanamkubwa Haussmann, koma eni nyumba sankafuna kulumikizako zimbudzi zawo poopa kulipira. Ena mpaka ankaumira a lendi madzi kuti dzenje lisadzadze msanga.

Kolera idabweranso mu 1884, itayambira ku madoko a Toulon ndi Marseille, kenaka mu 1892 pomwe idakantha kwambiri madera a kunja kwa mzinda omwe ankamwa madzi a mumtsinje wa Seine kumunsi kwa Paris. Amalawi omwe adaona mliri wa 2022 ndi 2023, womwe udapha anthu oposa 1,700 ndi kuchedwetsa kutsegulira sukulu ku Lilongwe ndi Blantyre, akudziwa mantha omwe matendawa amabweretsa. Mantha amenewo ndiwo adamuthandiza Poubelle. Mu 1894 Nyumba ya Malamulo idavomereza kuti nyumba za mu Paris zilumikizidwe ku ngalande, iye n'kupatsa eni nyumba zaka zitatu kuti atero. Monga mwa masiku onse, eni nyumba adakokakoka, adapita kukhoti, ndipo ntchitoyo idatenga zaka zambiri kuposa zitatuzo. Madzi oipawo ankawapititsa ku minda ya ku Gennevilliers ndi Achères komwe ankathirira mbewu.

Pali zina ziwiri zomwe bini lidaphimba pa mbiri ya bamboyu. Mu 1885 iye ndiye adalola kuti amayi ophunzira udokotala azilemba nawo mayeso olowera ntchito m'zipatala za boma za mu Paris, zomwe madokotala aamuna ankakana kwamtuwagalu. Ophunzira aamuna adakwiya mpaka kutentha chidole choimira Blanche Edwards, mmodzi mwa atsikana omwe ankamenyera ufuluwo. Sipadapite nthawi, Augusta Klumpke adakhala mayi woyamba kupambana mayesowo. Chachiwiri, pa 8 Januwale 1887 Poubelle adasaina m'malo mwa mzinda wa Paris pangano lomwe lidalola Gustave Eiffel kumanga nsanja yachitsulo ija yomwe lero ndi chizindikiro cha dziko la France. Anthu awiri adasaina pepala limodzi: wina dzina lake lidakwera kumwamba mamita 300, winayo lidatsikira kuseri kwa khitchini.

Adakhala pampandowo zaka pafupifupi 13, akulimbana ndi makhansala omwe ankafuna kuti mzinda uzidzilamulira wokha, maboma akusinthasintha pamwamba pake. Mu 1896 adamutumiza ku Vatican ngati kazembe wa France, nthawi ya Papa Leo XIII. Ntchitoyi idali yoterera chifukwa boma la France ndi mpingo wa Katolika zinkayang'anizana ndi diso lofiira pa nkhani ya sukulu ndi katundu wa mpingo. Adakhalako zaka ziwiri zokha.

Atapuma adakakhala kummwera kwa dzikolo, m'dera la Aude pafupi ndi mzinda wa Carcassonne, komwe adasanduka mlimi wa mphesa. Kuyambira 1898 mpaka 1904 adali khansala woimira dera la Saissac, ndipo adatsogolera bungwe la alimi a m'deralo pa nthawi yomwe mtengo wa vinyo udagwa kaamba ka kuchuluka kwake komanso vinyo wachinyengo wothira shuga ndi madzi. Alimi a fodya a ku Dowa ndi Ntchisi akudziwa momwe zimawawira kulima chaka chonse n'kukagulitsa pa mtengo wolira. Mu 1907 alimi a mphesawo adatopa, adadzaza misewu ya Carcassonne, Montpellier ndi Narbonne, ndipo ku Narbonne asilikali adawombera anthu mu Juni.

Patangotha mwezi umodzi, mu Julayi 1907, Poubelle adamwalira ku Paris ali ndi zaka 76. Thupi lake adakaliika ku manda a Herminis, kufupi ndi Carcassonne, pakati pa minda ya mphesa.

Pambuyo pake akuluakulu a mzinda wa Paris adaganiza zomupatsa msewu. Uli kumadzulo kwa mzindawo, m'mphepete mwa mtsinje wa Seine, m'dera la anthu olemera. Ndi kamsewu kakafupi zedi, ndipo pali nyumba imodzi yokha, nambala 2.